Manda Osaoneka pa Mapu

Chigalimoto chokumba nthaka chinali chitaima kale m'mphepete mwa dambo la ku Msongwe pamene Lenard Kachingwe anafika ndi mapu kukhwapa. Dambolo linali m'gulu la malo oletsedwa kumangapo. Koma bwana Elton Mkandawire ankafuna kumangapo nyumba zogona alendo, ndipo chotsala chinali siginecha ya Lenard, woona za mapulani a mzinda.

"Yewo chomene, a Kachingwe," anatero Elton pomulonjera, akumwetulira. "Madoda, abambo akuluakulu a kuno, mwawafunsa, akuti kuno kulibe manda. Sainani basi. Mnzanu wa ku ofesi uja ankavutavuta, pano akuyeza makola a mbuzi ku Nsanje. Wakutsina khutu ndi mnansi."

Lenard anaseka nawo, koma mantha anamugwira. Zaka zisanu ndi ziwiri mu Mzuzu anali atazolowera, ndipo kusamutsidwa sankakufuna.

Mayi Keziya Nyirenda, amene ankadutsa ndi dengu la masamba, anaima.

"Mwafunsa madoda, dada? Doda linaperekezapo khanda lobadwa lakufa?"

Apa mpamene Lenard anazindikira kupusa kwake. Khanda lotere silipita kumanda a anthu onse. Amayi okhaokha amakaliika kudambo, osalira, osazika mtanda, ndipo amuna sauzidwa malo.

"Mama, mapu samva nthano," anatero Elton. "Lolemba tikukumba."

"Popanda umboni ku ofesi akandiseka," Lenard anauza mayiwo chapansipansi. "Mungandisonyeze?"

"Zimenezo sitiloza ndi chala," anayankha Keziya, nasenza dengu lake.

Lolemba kunacha ndi nkhungu. Lenard anafika ndi fomu yoti asaine, cholembera chili m'manja, mtima atagonja kale. Dalaivala wa chigalimoto anali pampando, koma ataponya maso kumbali ngati wolakwa.

M'dambo munali amayi. Sanaunjikane ngati pamsonkhano ayi. Aliyense anakhala payekha pa udzu wonyowa, wina apa, wina uko, miyendo atatambasula, popanda woyankhula kapena woimba. Ena anali okalamba, ena atavala yunifomu ya kuntchito.

Lenard anatambasula mapu nayamba kuyenda, akuika kadontho pamene panakhala mayi aliyense. Khumi. Makumi awiri. Atafika pansi pa mtengo wa katope, anaima.

Amene anakhala pamenepo anali Alice, mkazi wake.

Chaka chawo chachiwiri mu Mzuzu, Alice atapita kukabereka, amayi a kumpingo anangomuuza kuti, "Zalephereka, bambo." Iye anavomera, ndipo kuyambira tsikulo sanafunsepo kumene mwanayo anagona. Anasuntha phazi kuti ayandikire.

"Imani pomwepo, bambo," anatero Alice, osadzutsa mutu. "Ingolembani."

Kumtunda injini inalira, ndipo Elton anali akuimba foni uku akumuloza. Lenard anapinda fomu ija osasaina, naiika m'thumba. Kenako anawerama pa mapu, naika kadontho ka mwana wake.