Kanyali ka Pamimba pa Mwandida

1.
Kakuwalabe. Pansi pa khungu, kumanzere kwa mchombo wa Mwandida, kanyali kobiriwira kakuphethira. Mayi ake, Nachisale, agwada pamphasa akumumanga lamba wotchajira.

2.
Matenda a shuga anamugwira mwanayu ali sitandade folo. Jakisoni m'mawa, jakisoni madzulo, ntchafu zipsera zokhazokha. Adokotala atanena zoti pali kamakina koyesera, kosunga maselo amoyo opanga insulini, Nachisale anavomera iwo asanamalize n'komwe kufotokoza. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

3.
Maselowo ndi a ndani, adokotala?
A munthu wina amene anamwalira, mayi. Kamakinaka kamawapatsa mpweya. Kakazima, nawonso afa.
Ndiye kuti ndi ana amasiye.
Adokotala anaseka. Nachisale sanaseke.

4.
Kuyambira pamenepo anasanduka wopala moto, magetsi akangothima ku Bangwe iye uyo ndi lamba m'manja, kwa ometa tsitsi, kuchigayo, kwa abusa a sola, ngakhale kwa mayi uja wa jenereta amene anasiya kupatsana naye moni chifukwa cha nkhuku, ankapepesa, ankagwada, manyazi anawataya panjira, ndipo mwana ananenepa, anabwerera kusukulu, anayamba ndi mwano womwe

5.
Iwe Mwandida, khala phee. Ukuti lamba akuyabwa? Ayabwe. Khala phee ndimange.

6.
Kakuwalabe.

7.
Zimene adokotala anachenjeza:
kutentha thupi,
kutupa,
batire.
Zimene sanatchule:
mvula,
minibasi,
mabuleki.

8.
Wayimba foni kuchipatala. Akuti odziwa kamakinaka ali kunja kwa dziko, adikire Lolemba. Nachisale akuchita mantha, ndipo sakudziwa woti amufunse.

9.
Amayi osambitsa thupi anamaliza kale, aima ndi nsalu yoyera, maso pansi. Lero Mwandida wakhala phee. Malume ake a mwanayo, a Dzimbiri, akhosomola pakhomo.
Mlongo, adzukulu amaliza kukumba. Masulani lambayo, amuveke.
Ndikudziwa kuti wapita, achimwene. Sindinapenge.
Nanga mukutchajiranji?
Nachisale waika chikhato pamimba pozizira paja, kuwala kukutulukira pakati pa zala.
Muli amoyo umu, amasiye aja. Afedwa kachiwiri. Ndiwakwirire akupuma?
Panja amayi a kwaya ayambiranso nyimbo ya maliro.