Ng'ombe za Manasseh Zidziwa Njira

Lole ya ogula mtedza imafika ku Magodi kamodzi kokha anthu akatha kukolola, ndipo sidikira munthu. Ikakusiya pa depoti, mtedza wako ubwerera nawo kunyumba kukanenepetsa makoswe, apo ayi uwapatse anyamata a sikelo za m'mbali mwa msewu, aja amakubera akumwetulira. Faides ankazidziwa bwino zimenezi, chifukwa chaka chatha zinamuonekera.

Tsiku la lole litakwana, mwamuna wake Manasseh anadzuka atagwira msana. Msana wa Manasseh ndi wochenjera. Suwawa pa ukwati, suwawa ku mpira, umangodikira tsiku lonyamula matumba.

"Amake Taizya, nifunika kupita ku kiliniki," anatero akubuula. Anakwera njinga movutikira, koma atangokhota pa mtengo wa mango anapalasa ngati mnyamata.

Faides anapsa mtima, koma mkwiyo sunyamula katundu. Anzake oyandikana nawo anamuthandiza kukweza matumba m'ngolo, iye n'kumanga ng'ombe ziwiri pagoli, ulendo. Aka kanali koyamba kuyendetsa ngolo yekha. Maulendo a ku depoti, kaya kokatenga mbewu kaya feteleza, anali a Manasseh, ndipo ankabwerako dzuwa litapendeka, akudandaula kuti mzere unali wautali.

Ng'ombe zinayenda bwinobwino mpaka pa mphambano. Depoti ili kumanja. Izo zinakhotera kumanzere, osafunsa n'komwe. Faides anakoka chingwe, anakalipa, anatsika n'kuzikankha pakhosi, kenako anazinyengerera ngati ana. Zinangomuyang'ana zikubzikula, n'kupitiriza ulendo wawo. Dzuwa linali litakwera, ndipo chapatali anamva kulira kwa lole. Mtima unamupweteka. Anaganiza za mizere yonse imene anapalira, ndi zala zake zimene zinachita matuza posenda mtedzawo, ndipo misozi inalengeza m'maso.

Patapita kanthawi, ngolo inalowa pabwalo la Keziya, mayi wofulula mowa wodziwika m'dera lonselo. Ng'ombe zinalunjika pansi pa mkuyu, pomwe nthaka inali yopondekapondeka ndi ziboda, n'kuima zokha. Beseni la madzi linali likudikira kale pamenepo.

"Monire, amama," anatero Keziya akupukuta manja pachitenje. "Lelo mwabwela nazo ndimwe? Nenze kudabwa kuti zachedwela kuti."

Maso a Faides anali kuseri kwa nyumba. Lole ija inali itaima pamenepo, injini ikadatentha. Dalaivala anali atakhala pa mpando akulimbana ndi ntchafu ya nkhuku. Pambali pake, pa benchi, panali Manasseh, chipanda m'manja onse awiri, msana uli njo ngati mtengo wa magetsi.

"Osada nkhawa, amai," anatero dalaivalayo ataona matumba a mtedzawo. "Lole iyi siifika ku depoti nikalibe kudya pano. Onse a ngolo aziba. Sikelo ili m'mbuyo umu, tipime nshawa zanu pamene pano, mukhale oyamba."

Manasseh anaika chipanda pansi pang'onopang'ono. Dzanja lake linayamba ulendo wopita kumsana, koma litakumana ndi maso a mkazi wake linabwerera panjira.

"Atate ake Taizya," anatero Faides mofatsa, akukhala pa benchi pomwepo, "naona mankhwala ya pa kiliniki ino yasebenza mwamsanga. Matumba ni aya."

Manasseh anawasenza onse, limodzilimodzi, kuchoka m'ngolo kupita pa sikelo, kuchoka pa sikelo kukwera m'lole, anzake omwa nawo mowa akumuombera m'manja thumba lililonse likafika. Lomaliza litalowa, msana unayamba kumuwawadi, koma panalibenso womuuza.

Faides anadzuka, nasendeza beseni lija, n'kumwetsa ng'ombe yekha akuzisisita pamphumi. Pakhomo pake ponse, ndi zokhazi zimene zinamuuza zoona.