Chilombo cha pa Foni ya Erica

Erica anazimitsa vidiyoyo mochedwa. Pamene chala chake chinkafika pa batani lofiira, achibale a ku Joni ndi a ku Dedza anali ataona kale zimene iye anaona.

Linali Loweruka, tsiku lovundukula chiliza cha agogo ake, a Masauko, omwe anabwera ku Bulawayo ali mnyamata n'kukalamba akugwira ntchito ya njanji. Pochokera kumanda anthu anadzaza pabwalo la kanyumba kawo ku Iminyela mpaka kusefukira mumsewu, chifukwa gule wamkulu anabwera kudzatsanzika mnzake. Achibale akutali anali atapempha Erica kuti aziwaonetsa mwambowo pa Fesibuku uku ukuchitika. Koma pakati pa anthu netiweki inkadukaduka. Ndiye iye, foni ili m'mwamba, anazungulira kuseri kwa nyumba kukasaka pogwira bwino, osakumbukira kuti kuseriko anachingako ndi masaka dala ndipo mkazi sapondako.

Mphepo inakweza saka limodzi. Chilombo cha nthenga zakuda, chomwe chinali chitangovina mpaka amayi kuliza nthungululu, chinakhala pa ndowa yovundikira, chigoba chitakwezedwa pamphumi, chikumwa madzi a m'botolo. Nkhope inali ya Levi.

Levi anali chibwenzi chake, woyimbitsa kwaya ku mpingo wawo. Anali atamuuza kuti Loweruka limenelo bwana wamukaniza kuchoka ku fakitale ya mipando ku Donnington. Abusa ankayenera kulengeza ukwati wawo sabata yamawa. Ndipo mpingo wawo sunkanyengerera pa nkhani ya gule: wopezeka akuvina ankamudula, ndipo wodulidwa sankamudalitsira ukwati.

Erica anafufuta vidiyoyo ali chiimire pafupi ndi mpopi. Pabwalo palibe anazindikira kanthu. Ng'oma zinapitiriza.

M'mawa mwake, akusita diresi la kutchalitchi, foni inayamba kulira mosalekeza. Linali gulu la pa Watsapu la Ana a Nyasa a ku Bulawayo, momwe anthu ankakangana pa chilichonse: zitupa, mavoti, mtengo wa data, ndi ngati mafoni ndi amene awononga ana. Msuweni wake Trymore, yemwe ankayendetsa njinga yamoto yoperekera zakudya ku Joni, anali ataponyamo chithunzi chomwe anachijambula pa vidiyo ija isanafufutidwe. Chinali chosaoneka bwino: nthenga, botolo, ndi chinthu chabulauni pomwe payenera kukhala nkhope.

"Onani mzimu wanu ukumwa madzi a m'botolo," analemba Trymore. "Kanti, kodi kumanda kulinso ludzu?"

Anyamata ena anaponya tinkhope toseka. Kenako panabwera uthenga wa mawu wa a Gibson, mnzawo wa malemu Masauko, womwe kumbuyo kwake kunkamveka wailesi ndi nkhuku.

"Iwe Trymore, mwana wa Leah, chotsa chinthucho. Ndakulankhula bwinobwino. Kodi batani lake ndi liti apa... eya. Chotsa. Chitupa changa chinalembedwa zaka zambirimbiri kuti ndine mlendo m'dziko lomwe ndinabadwira. Munda tinalibe, mudzi tinalibe, voti tinalibe. Chathuchathu chinali ng'oma imeneyi basi. Iwe ukufuna uigulitse ndi tinkhope toseka?"

"Agogo, ndimakulemekezani," anayankha Trymore, "koma chinsinsi ndi chakudya cha opondereza anzawo. Boma litatseka intaneti chaka chija, tonse muno tinalira kuti akutibisira zochitika. Lero inu nomwe mukufuna kutseka maso a foni. Zilombo zomwezi andale amazibwereka nthawi ya kampeni, zikathamangitsa munthu wa chipani china palibe amene amatchulidwa dzina. Ine ndili mwana chilombo chinandikwapula pa njanji pa Mpopoma mpaka kutupa msana. Amayi atakadandaula anawauza kuti mzimu suimbidwa mlandu."

Pamenepo gulu linagawanika. Ena anati foni ndi imene isunge mwambo, chifukwa ana a ku Joni sadziwa n'komwe kulira kwa ng'oma. Ena anati mwambo woikidwa pa foni wafa kale. Sisi Sylvia, namwino wa ku Thorngrove, anafunsa ngati anthu alibe tchalitchi choti apiteko. Ndiye Trymore analemba mawu omwe anachititsa Erica kusiya simbi pa diresi mpaka kununkha.

"Ndili ndi mnzanga ali ndi pulogalamu yowalitsa nkhope pa chithunzi. Akaweruka masana ano, tonse timuona mzimuyo kuti ndi mwana wa ndani."

Erica anamuimbira. Trymore sanayankhe.

Kutchalitchi Levi anaimirira kutsogolo kwa kwaya atavala jekete yake yotuwa, akukweza manja mofatsa ngati munthu amene sanapondepo fumbi. Erica ankayang'ana manjawo. Anali atawakonda kwa nthawi yaitali, ndipo ankaganiza kuti amawadziwa. Pa mzere wakutsogolo, atavala zoyera za amayi a mpingo, anakhala mayi ake a Levi, a Evelyn, wapampando wa amayi, munthu amene anabwezapo mtsikana pakhomo la tchalitchi chifukwa cha siketi yaifupi. Nawonso anali m'gulu la pa Watsapu lija.

Mapemphero atatha, Erica anamukokera Levi kuseri kwa thanki la madzi.

"Ku fakitale kunali bwanji dzulo?"

Levi anayang'ana nsapato zake. "Ndaona zimene Trymore walemba."

"Sindikufunsa za Trymore. Ndikufunsa iweyo."

"Erica, chimene ukufuna ndinene sindinganene. Ngakhale kwa iwe. Ngakhale titakalamba mano atatha."

"Ndiye undikwatira ndi pakamwa potseka?"

"Agogo ako ndinkawameta ndevu pamene manja awo anayamba kunjenjemera," anatero Levi motsitsa mawu. "Mlungu womaliza uja anandigwira pamkono n'kundipempha chinthu chimodzi. Anzawo onse miyendo inatha. Ndikanawakanira bwanji?"

Erica anafuna kukwiya, koma mkwiyo unamuthawa. Anakumbukira mmene chilombo chija chinagwadira kutsogolo kwa chithunzi cha agogo, n'kukhala pamenepo nthawi yaitali ng'oma zikuchidikira.

"Ndi ine ndakugwetsera m'dzenje," anatero.

"Unkasaka netiweki."

"Amayi ako akaona, atani?"

"Akanena okha kwa abusa. Ukuwadziwa." Anamwetulira mofooka. "Mwina tikakwatirana kwa mejisitireti, iwe, ine ndi mboni ziwiri zobwereka pamsewu."

"Usaseke, Levi."

Masana Erica anakhala pakhonde la kwawo, foni ili pamiyendo. Mkangano unali utafika kwina. Wina ankanena kuti makina a masiku ano adzavotera anthu. Wina ankati azungu opanga mafoniwa ana awo sawapatsa. A Gibson anatumiza uthenga wina wautali womwe theka lake linali kukalipira galu. Erica ankangoyang'ana dzina la Trymore, kudikira.

Chithunzi chinafika dzuwa litapendeka.

Pulogalamu ija inagwira ntchito yake. Nkhope inali yosalala mopitirira, ngati ya chidole cha m'sitolo, koma mphuno inali yomweyo, ndi kachipsera ka pansidze komwe Levi anakapeza akusewera mpira ali mwana. Aliyense wa ku Iminyela akanamudziwa ali kutsidya la msewu.

"Nayo nkhope," analemba Trymore. "Ine ndinachoka kalekale, anyamata a kumeneko anakula ndisakuwaona. Inu muli konko, tiuzeni. Ndani uyu?"

Gulu lomwe silinkakhala chete ngakhale pa maliro linangoti zii. Erica ankaona mayina a owerenga akuchuluka pansi pa chithunzicho, a kwaya, akulu a mpingo, aneba. Kenako pamwamba panaoneka kuti a Evelyn akujambula mawu. Anasiya. Anayambanso. Uthengawo utafika, Erica anatseka maso, n'kuika foni pakhutu.

"Trymore, mntanami, mwana wanga," anatero mawu a Evelyn, odekha ngati akuwerenga vesi. "Ndavala magalasi anga, ndayang'anitsitsa. Ine ndine Mkhristu, zinthu zimenezi sindipitako ndipo sindizikonda, aliyense akudziwa. Koma ndinabadwa kwa Achewa. Chomwe ndikuona apa ndi chilombo chomwe chinachokera kumanda kudzaperekeza agogo ako. Munthu sindikumuonapo."

Erica anamvetseranso kachiwiri. Asanamalize, mauthenga anayamba kugwa ngati matalala pa malata.

"Nanenso sindikuona munthu," analemba mayi wina wa kwaya.

"Nthenga ndikuziona. Munthu ayi."

"Hawu, Trymore, wakula koma sudziwa chilombo?"

Anali amayi okhaokha, amene anamuona Levi akukwawa, amene anamuphunzitsa Sande sukulu. Ndi mmene amayi awo ankachitira, ndi agogo awo: mkazi ankatha kuzindikira mapazi a mwamuna wake pansi pa masaka, n'kuthawa akukuwa ngati waona mzukwa, madzulo n'kumutenthetsera madzi osamba osafunsa kanthu. Erica ankamva nkhani zimenezo n'kumaziseka. Sanaganizepo kuti zingakwane mu foni.

Sisi Sylvia anawonjezera zake. "Komanso pulogalamu yakoyo imapeka nkhope, bhudi, mchimwene wanga. Ine inandipatsa mano a munthu wina. Tsiku lina idzaika nkhope yako pa msonkhano wa chipani chomwe sunapiteko, uzidzalira kuti si iwe. Pamenepo udzafuna anthu okukhulupirira."

"Nonsenu mukudziwa!" analemba Trymore. "Mwapangana!"

"Wafunsa, wayankhidwa," anatero a Gibson. Uwu unali uthenga wawo waufupi kuposa onse.

Mkulu wa mpingo mmodzi, bambo wokonda milandu, anayamba kulemba. Analemba nthawi yaitali. Pomaliza chomwe chinatuluka chinali chikumbutso cha msonkhano wa Lachitatu.

Patapita kanthawi chithunzi chija chinasowa, pamalo pake patatsala mawu oti uthengawu wafufutidwa. Kenako foni ya Erica inalira payokha. Anali Trymore.

"Sisi, a Evelyn aja sanayikirepo kumbuyo gule chibadwire," anatero. Kumbuyo kwake kunkamveka magalimoto a ku Joni. "Atangolankhula ndinayang'ananso kachipsera kaja. Bwanji sunandiuze?"

"Ndinakuimbira, sunayankhe."

"Ndinkaganiza kuti ukufuna kundilalikira." Anapuma. "Maganizo anga sindinasinthe, umve. Chigoba chimabisa anthu oipa. Amene anandikwapula uja mpaka lero akuyenda mumsewu, mwina ndimamupatsa moni."

"Ndikudziwa, bhudi. Sunalakwe pa zimenezo."

"Koma ameneyu sanakwapule munthu. Ndafufuta konse, ndi kwa mnzanga komwe. Pa ukwati mundisungire ntchafu ya nkhuku, osati khosi."

Erica anaseka misozi ikutsika. "Ngiyabonga, bhudi. Zikomo."

Anamanga chitenje, n'kuyenda wapansi mpaka kwa a Evelyn, kudutsa ana osewera mpira wa mapepala ndi amayi ogulitsa tomato pakona. Njira yonse ankakonza mawu. Anawapeza pakhonde akusankha nyemba m'lichero, magalasi ali pamphuno. Anagwada patali pang'ono.

"Mama, ndabwera kudzathokoza."

"Kuthokoza chiyani, makoti, mpongozi wanga?"

Erica anatsegula pakamwa, n'kuzindikira kuti palibe mawu amene angatuluke osaphwanya chomwe mayiwa anamanga. Kuthokoza kunali kuvomera kuti panali munthu.

A Evelyn anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. Maso awo anali ofiira, ngati a munthu amene walira payekha m'chipinda n'kusamba kumaso. Anamusunthira mpando ndi phazi.

"Khala apa undithandize nyembazi. Ndipo foni yakoyo, tsiku lina ikasowa netiweki, uzingoima pomwe uli."

"Ndamva, Mama."

Anasankha nyemba mpaka geti linalira. Levi analowa, n'kuima ataona awiriwo ali limodzi. Anavula chipewa ngati mlendo m'nyumba ya mayi ake omwe.

"Iwe," anatero a Evelyn osadzutsa mutu, "kwaya lero inachedwa kulowa vesi lachiwiri. Unkaima ngati miyendo si yako."

"Ndinatopa, Mama."

"Uzipuma Loweruka. Zotopetsazo zithere pomwepo, wandimva? Amene anakutuma anagona, sadzakutumanso."

"Ndamva, Mama."

"Abusa ndalankhula nawo potuluka. Akufuna mayina anu onse olembedwa bwino pofika Lachitatu, kuti asakapunthwe powerenga pa guwa." Anapatsa Erica lichero. "Ndikaike madzi a tiyi. Inu awiri mukhale pomwe ndikukuonani."

Analowa m'nyumba. Levi anakhala pa sitepe, pafupi ndi mapazi a Erica, n'kutola nyemba imodzi yomwe inagwa. Anaiika m'dzanja la Erica, ndipo sanachotse dzanja lake mpaka ketulo inayamba kulira.