Inki Yofiira ndi Inki Yobiriwira

Aphunzitsi athu a Chingerezi tinkawatchula kuti Mayi Dzulo. Akangolowa m'kalasi, chikwama asanatule n'komwe, ankaloza munthu n'kumufunsa m'Chingerezi zimene anachita dzulo. Ukayankha ngati zinthuzo zikuchitika panopa, ankakuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa ngati ukadali m'bafa mpaka pano. Tinali ophunzira a mbiri yakale, chaka choyamba ku koleji, ndipo iwo ankati munthu wofuna kulemba za maufumu amene anagwa kalekale ayambe wadziwa kufotokoza za basi imene inamusiya dzulo m'mawa.

Ine aneni a Chingerezi ankandidya mutu. Ena ndi omvera, umangowaika kamchira kumapeto, nthawi yakale yatheka. Koma alipo ena amakani amene amasintha nkhope yonse, moti ukakumana nawo sungadziwe kuti ndi omwe aja. Ndinawalemba pa timapepala n'kumata pagalasi, pachitseko cha kabati, ngakhale pa ketulo, mpaka amayi anadandaula kuti iwo akufuna kuwiritsa madzi osati kulemba mayeso.

Chapakati pa teremu Mayi Dzulo anatipatsa ntchito yaikulu. Aliyense alembe chimangirizo cha chinthu chimodzi chimene chinachitika m'banja mwake, mboni zikhale ziwiri, iliyonse ifunsidwe payokha. Panalinso lamulo lawo limene sankalisintha: ukamaliza kulemba, mboni iliyonse iwerenge chimangirizo chonse, osati gawo lake lokha, isayine, ndiye ubweretse. Ankati kutsutsa galu n'kukumba, ndipo wolemba mbiri woopa kuonetsa mboni zake zimene walemba ndi wamiseche chabe amene wapeza cholembera.

Anzanga anasankha zosavuta, wina ukwati wa makolo ake, wina galimoto yoyamba ya achimwene ake. Ine ndinasankha tsiku limene shopu yathu inatsekedwa, ndipo ndinkadziwa kuti ndikuputa mavu.

Bambo anga ndi mng'ono wawo anali ndi shopu imodzi pa msewu wa kumsika. Bambo ankakonza mawotchi, bambo aang'ono mawailesi, ndipo makasitomala ankangowatchula kuti a Mawotchi ndi a Mawailesi. Ndili wamng'ono bambo anagonekedwa m'chipatala chifukwa cha mwendo. Nthawi yomweyo mwini nyumba anauza alendi onse kuti atuluke, nyumbayo igwetsedwe. Bambo aang'ono anasamutsa katundu okha. Bambo atatuluka m'chipatala anapeza mulu wa njerwa pamene panali shopu, ndipo kuyambira pamenepo awiriwa sanamweranenso madzi. Pamaliro ankakhala mbali zosiyana. Ine ndinkawakonda onse, ndinkapita uku ndi uku, koma tsitsi la onse awiri linali litayera, ndipo ndinkaopa kuti tidzaika mmodzi wina asanamupatse moni. Ndinkangofuna akhalenso m'chipinda chimodzi, ngakhale akhale akukangana.

Ndinayamba ndi bambo. Ndinawapeza pakhonde, kagalasi kokuzira zinthu kali padiso, akutokosa wotchi ya mwana wa aneba. Atamva kuti ndi ntchito ya Chingerezi anakhala bwino pampando, pakuti bambo amanyadira Chingerezi chawo kuposa mano awo, amene atsala ochepa. Anafotokoza mosafulumira, monga amachitira chilichonse. Anati tsikulo kunali dzuwa, katundu anatengedwa pa ngolo ngati zinyalala, timasikuluwu tawo tinamwazika mumsewu. Koma chimene chinawabaya mtima ndi wotchi yaikulu yapakhoma, yoyamba imene anakonza ali mnyamata wophunzira ntchito. Anati mng'ono wawo, ndi changu chake chija, anaisiya pakhoma ndipo inaphwanyikira limodzi ndi nyumba. Nditafunsa kuti anadziwa bwanji zonsezi poti anali m'chipatala, anati anamva kwa munthu wodalirika, ndipo ndisawafunse ngati wapolisi.

Bambo aang'ono ndinawapeza m'kachipinda kawo kogwirira ntchito kuseri kwa nyumba, pakati pa mawailesi osegulidwa mimba. Iwo amalankhula ngati akuthamangitsidwa. Anati tsikulo mvula inali ya mkokomo, anabwereka lole, ananyamula okha mpaka msana unatsala pang'ono kuthyoka, ndipo malipiro ake anali kulalatiridwa ndi achimwene awo pamaso pa anthu asanatsegule n'komwe pakamwa. Za wotchi sananene kanthu, inenso ndinaopa kufunsa.

Ndinalemba masamba anayi. Ndinasamala kwambiri kusiyanitsa chimene chinachitika, chimene chinali kuchitika pamene china chinagwa, ndi chimene chinali chitachitika kale zinazo zisanayambe, monga Mayi Dzulo ankatiphunzitsira ndi mizere yawo pa bolodi. Ndinaganizapo zopatsa aliyense gawo lake lokha. Koma Mayi Dzulo bodza amalinunkhiza patali, choncho ndinamanga masamba onse pamodzi n'kuwaika pa tebulo la bambo.

Ndinkayembekeza mkuntho. M'malo mwake bambo anatsegula kabati n'kutulutsa cholembera chofiira. Anawerenga mawu a mng'ono wawo osaphethira, kenako anayamba kukonza Chingerezi changa. Aneni amakani aja anali atandigwetsa m'malo ambiri ndithu. Pamene bambo aang'ono ananena za mvula, bambo anazunguliza mawuwo n'kulemba m'mbali, m'Chingerezi chosalala, kuti mboni yachiwiri ikuoneka kuti yaiwala. Kusayina anakana. Anati sangaike dzina lawo pansi pa mvula imene sinagwe.

Ndinatenga pepala lomwelo kupita nalo kwa bambo aang'ono. Ataona inki yofiira anaseka chikhakhali, n'kunena kuti achimwene awo sanasinthe, ngakhale kumwamba akakonza kalembedwe ka angelo. Anafufuza m'chitini cha mawaya n'kupeza cholembera chobiriwira. Anakonza zimene bambo anaphonya, anabwezeretsa zina zimene bambo anasintha, ndipo pa nkhani ya mvula analemba kuti munthu wogona m'chipatala sangaphunzitse nyengo munthu amene ananyowa. Atafika pa wotchi yaikulu anasiya kuseka. Anadula mzere wonsewo n'kulemba mawu awiri okha, otanthauza kuti sinatsale. Iwonso sanasayine.

Umu ndi mmene ndinasandukira mtengatenga. Ndikaweruka ku koleji ndinkakwera basi ndi pepala langa, lofiira uku, lobiriwira uku. Amayi ankati chimangirizo changa chayenda kwambiri kuposa iwo chikwatiwire. Koma kunena zoona ndinkasangalala. Chingerezi changa chinkawongoka, chifukwa aliyense ankafuna kundionetsa kuti amadziwa kuposa mnzake, ndiye ankandikhazika pansi n'kundifotokozera mneni aliyense mpaka ndimvetse. Ndipo ndinaona kuti ndikalowa pageti, bambo sankayambanso ndi kufunsa za sukulu. Maso awo ankapita ku chikwama.

Pa nkhani ya wotchi bambo analemba funso lalifupi lofuna umboni. Bambo aang'ono anayankha kuti umboni ulipo koma sukwera basi. Tsiku lopereka ntchito linali litayandikira, m'mbali mwa masamba munali mutadzaza, ndipo panalibe siginecha ngakhale imodzi. Ndinagwira njakata. Ndinapita kwa Mayi Dzulo kukapempha kuti andikhululukire lamulo lija. Anatembenuza masambawo limodzilimodzi, akuwerenga zofiira ndi zobiriwira, ndipo ndinaona kuti akubisa kumwetulira. Anandibwezera n'kunena kuti lamulo ndi lamulo, koma andiwonjezera mpaka Lolemba.

Loweruka m'mawa ndinaika pepala pamaso pa bambo n'kuwauza mosapsatira kuti ndilephera phunziroli chifukwa cha makani a anthu awiri akuluakulu. Anatenga cholembera chofiira, anafunafuna malo olemba, anatembenuza tsamba, sanapeze ngakhale pokwana chala. Anatseka cholemberacho.

"Pepala lako latha, mwanawe," anatero. "Kanditengere nsapato zakuda zija. Ndikamuuze ndekha kuti mvula sinagwe."

Tinakwera basi. Ndinaona kuti m'thumba la jekete aikamo kachikwama kawo ka zipangizo, koma ndinakhala ngati sindinaone.

Bambo aang'ono anatipeza pakhomo, m'manja muli waya. Anatiyang'ana, anati takulandirani achimwene, bambo anayankha kuti zikomo, ngati anaonana dzana. Kenako bambo aang'ono anatitsogolera ku kachipinda kaja, anakwera pa mpando n'kutsitsa chinthu chokulungidwa m'bulangete kuchokera pamwamba pa shelefu. Zaka zonsezi ndinkachiona pamenepo ndikuyesa ndi wailesi yakale ya kasitomala amene sanabwerenso. Atamasula, inali wotchi ija, galasi lake lathunthu, thabwa lake lopukutidwa bwino, mivi itaima.

"Ndinaitsitsa poyamba penipeni, ndinaifungatira ndekha kutsogolo kwa lole," anatero bambo aang'ono. "Titafika kuno inali itaima. Ndikanakubwezerani bwanji yakufa, inu mutandinena kale kuti ndine wowononga? Ndipo sindikanalola munthu wina kuitsegula."

Bambo anaisisita m'mbali ndi chikhatho. Ine misozi inalengeza, sindibisa. Kenako anavala kagalasi kawo padiso n'kutsegula kachitseko ka kumbuyo. Anasuzumira nthawi yaitali.

"Chinyezi chinalowa," anatero motsitsa mawu. "Yachita dzimbiri."

"Mvula ija," anatero bambo aang'ono.

Bambo anapitiriza kusuzumira. Anangouza mng'ono wawo kuti asunthe mawailesi akewo pa tebulo, ndipo ine ndigwire tochi bwinobwino, ndisamanjenjemere ngati ndaba. Tinakhala pamenepo mpaka dzuwa linapendeka. Bambo aang'ono anali chiimire kumbuyo, akupereka malangizo amene palibe anawapempha, bambo akuwauza kuti wotchi si wailesi yoti ukaimenya mbama iyamba kulankhula. Mayi aang'ono anabweretsa tiyi kawiri, ulendo wachiwiri anangoima pakhomo akuonerera, manja ali m'chiuno. Wotchi sinayende tsiku limenelo. Bambo anati ikufunika kutsukidwa kachitsulo kalikonse, ndipo ntchito yotere munthu sachita tsiku limodzi, abweranso Loweruka linalo. Ponyamuka onse anasayina pa kamalo kosayinira kamene kanatsala, wina mofiira wina mobiriwira, aliyense atalemba pambali pa dzina lake kuti za nyengo sakugwirizana nazo.

Lolemba ndinapereka chimangirizo cholembedwanso bwino, pamodzi ndi pepala lamawangamawanga lija. Malikisi anali apakatikati, chifukwa aneni awiri amakani anapulumuka zolembera zonse ziwiri, koma ndinakhoza. Mayi Dzulo asanatule chikwama anandiloza n'kufunsa zimene ndinachita kumapeto kwa sabata. Ndinaimirira n'kuyankha m'Chingerezi, osapunthwa ngakhale pamodzi, kuti ndinagwirira bambo anga tochi pamene mng'ono wawo ankawauza kuti akulakwitsa.