Madzi Oyera a M'botolo

Ine ndimapemphera. Ndimaimba kwaya, ndipo sayansi ndimaphunzitsa pasukulu ya mpingo wathu womwewu. Koma tsiku limene ndinapeza apongozi anga akumwetsa mwana wanga madzi a m'botolo la abusa, mtima unandiwira moti nyimbo zonse ndinaziiwala.

Mwanayo anali atangotuluka m'chipatala. Kutsegula m'mimba kunamufoola mpaka maso kulowa m'kati, ndipo namwino ananenetsa kuti madzi alionse aziyamba awira. Nayu tsopano ali pamiyendo pa agogo ake, supuni ili kukamwa.

"Amayi, mukumumwetsa chiyani?"

"Madzi oyera," anatero osandiyang'ana. "Abusa anawapempherera. Taonani nokha aphunzitsi, ali mbee!"

Akamanditchula kuti aphunzitsi ndiye kuti akundinyogodola. Anakweza botolo pawindo, ndipo inde, madziwo anali mbee. Koma thanki imene abusawo amatungamo ndimaidziwa. Ili kuseri kwa tchalitchi, ilibe chivindikiro, nkhunda zimatera pamenepo tsiku lonse.

Mwamuna wanga anali phee pasofa, maso pafoni, akuonera vidiyo ya abusa omwewo akuwaza anthu madzi.

"Bambo ake, simulankhula?"

"Musalimbane ndi zinthu za Mulungu," anatero.

Munthu wophunzira ameneyu! Sukulu yonse ija anangopita kukatenthetsa benchi. Ndinalanda botolo, n'kubereka mwana kumbuyo, n'kuuza apongozi kuti avale nsapato anditsate. Ananditsata chifukwa cha botolo lawo, osati chifukwa cha ine.

Linali Loweruka, mu labotale ya kusukulu kwathu munalibe munthu, fungo la sipiriti lokhalokha. Ndinadonthetsa dontho pakagalasi n'kukaika pa maikulosikopu, makina aja okuza tinthu tosaoneka ndi maso.

"Suzumirani, amayi."

"Ine sindiyesa Mulungu."

"Simukuyesa Mulungu. Mukuyesa thanki."

Anawerama monyinyirika, diso limodzi atatsinzina. Anakhala choncho nthawi yaitali, dzanja litagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Muli tinthu tikuyenda," ananong'ona. "Iii, tina tili ndi michira."

Apo ndiye ndinamasula zonse. Ndinawauza kuti mawu amodzi omwewa ndiwo atipusitsa: munthu wa Mulungu timati woyera, madzi opanda matope timatinso oyera, ndiye tikaona ali mbee timangoti amen. Mulungu amene ndimamuimbira ndi yemweyo anatipatsa mutu, ndipo sanatipatse kuti tizingomangapo duku. Chiyero chotani chofuna kuti mwana wanga abwerere kukabayidwa dripi? Ndinakuwa mpaka mwana anadzuka kumbuyoku n'kuyamba kulira.

Titafika kunyumba ndinalunjika kusinki kuti ndikhuthule. Apongozi anandigwira mkono.

"Zopemphereredwa sizitayidwa."

Ndinati mumtima, lero ndiye tionana, upongozi uthere pompano. Koma iwo anatenga botolo, n'kuthira madzi onse m'ketulo, n'kuyatsa okha.

"Ngati pemphero la abusa lingathawe moto," anatero, "ndiye kuti silinali pemphero."

Mwamuna wanga anali ataima pakhomo la khitchini, foni ikulirabe aleluya m'manja mwake. Amayi ake anam'tembenukira.

"Tathimitsa chinthu chakocho!"

Anathimitsa. Ketulo inayamba kusokosera. Apongozi anayang'ana mwana ali kumbuyo kwanga, timikono take towonda, chipsera cha singano chikuonekabe pakadzanja.

"Make mwana," anandiitana, osatinso aphunzitsi. "Botolo ili si loyamba. Loyamba ndinam'mwetsa asanadwale, inu muli kuntchito."

Mawu aukali onse ndinali nditawathera ku labotale. Madzi anawira mpaka ketulo inadzizimitsa yokha, ndipo palibe amene anaikhudza.