Nsapato ya Arcanjo pa Ukwati wa Telma

Ku Lifidzi mkwatibwi sathamanga. Misa ikatha, galimoto yomunyamula imayenda ngati yathyoka mwendo, amayi patsogolo akuvina, akuyala nsalu zawo za makapulana, akuimba mpaka mawu kusasa. Mkwatibwiyo amakhala m'kati, maso pansi, osaseka, osayankhula. Akangofika msanga ku festa, kuphwando la ukwati, basi, mawa lake pamsika nkhani imakhala imodzi: ameneyu chomuthamangitsa chilipo, dikirani miyezi ingapo muona.

Telma ankazidziwa bwino zimenezi, pajatu iyenso ankanena nawo pa maukwati a anzake. Tsopano ukwati unali wake, ndipo unabweradi mofulumira. Bwenzi lake Nércio anali atapeza ntchito ya upulofesolo, yophunzitsa kusukulu, ku Tete, ndiye ankafuna kupita ndi mkazi mvula isanayambe. Chifukwa chake chinali chomwecho basi. Koma kawauzeni zimenezo a Dona Felismina, mayi ake a Nércio! Mayi amenewa amagulitsa tomato ndi anyezi pamsika wa Ulongwe, koma nkhani za eni amagawa zaulere, ndi basera pamwamba. Chichitikireni chinkhoswe, Telma akawapatsa moni, iwo ankayankha maso ali pamimba pake.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Tadzuka, mwanangu. Koma ukunenepatu iwe. Kapena ndi kamangidwe ka kapulanako?"

Telma anafika kwawo, nadziyang'ana pagalasi cham'mbali, uku ndi uku. Panalibe chilichonse. Pomwepo analumbira mumtima kuti tsiku la ukwati adzakwera chitunda cha kwa apongozi akewo pang'onopang'ono kuposa mkwatibwi aliyense, mayiwo ndi anzawo a pamsika asowe chonena.

Ndipo galimoto yake anali nayo kale. Mlongo wake wamkulu Arcanjo, amene iye ankamuitana mwaulemu kuti mano, anali ndi karinya yoyera yoyendera gazolyo, mafuta a dizilo, yogula kwa munthu, imene ankanyamulira matumba a mbatata kupita ku Kalomwe. Inali galimoto yaulesi inu. Pachitunda ankachita kuponda moto mpaka phazi kufika pansi, iyo n'kumangolira osasuntha bwino, ndipo akati apumitseko phazi inkazima. Anthu onyamula katundu panjinga ankaipitirira akupereka moni. Wina mpaka anafunsa ngati amuthandize kutengako thumba limodzi. Arcanjo zinkamuwawa kwambiri, koma kwa Telma imeneyo ndiyo inali galimoto ya ukwati yeniyeni.

Sabata ya ukwati, Telma anapempha mlongo wakeyo kuti amutengeko ku Ulongwe akatenge vesitidu yake, diresi la ukwati, kwa osoka.

"Kwera," anatero Arcanjo, "koma tidzera ku ofisina kaye, kwa okonza galimoto. Lero karinya iyi ikubadwanso."

Ku ofisinako kunali Márcio, mekaniku wochokera ku Tete, wa malaya oyera opanda ndi dontho la mafuta lomwe. Sanagwire chitsulo chilichonse. Anangotulutsa komputadolo m'chikwama, nalumikiza nthambo pansi pa chiwongolero, n'kukhala pampando ngati kalaliki wa ku boma.

"Ndiye mukonza bwanji osatsegula kutsogoloko?" Telma anafunsa.

"Motolo wa galimotoyi uli ndi kaubongo kake, mana," anayankha Márcio. "Ndi kamene kamalamula kuti gazolyo alowe wochuluka bwanji, nthawi yanji. Ine ndikungochotsamo pulogalama yakale, ndiikemo yatsopano. Si ya mpikisano ayi, ndi ya tsiku ndi tsiku. Izikoka bwino pachitunda, izimwa pang'ono."

"Wamva, Telma? Ikupita kusukulu!" Arcanjo anali atatulutsa kale telefoni, akujambula komputadolo ija, akujambula tayala, akudzijambula yekha. "Anyamata a ku Kalomwe, konzekani, njinga zanuzo muzigulitse!"

Márcio anachotsa nthambo yake, nati, "Koma patarau, bwana wanga, phazi lanu lakale lija muliiwale. Panopa ikumva msanga. Mukaika pulimeira, giya yoyamba ija, ngakhale osaponda moto iyenda yokha, pachitunda pomwe."

"Eya, eya," anatero Arcanjo, khutu lili pa telefoni, akumvetsera mmene mawu ake amvekera. Sanamve kanthu. Anamva ndi Telma, chifukwa Telma chilichonse chonenedwa pafupi naye amatola, chake kapena cha eni.

Pobwerera, mayo ine! Karinya ija inali ngati yalumidwa ndi mavu. Anapitirira chapa, minibasi yodzaza anthu, anapitirira njinga yamoto, anapitirira ngakhale galimoto ya masisiteri. Arcanjo ankaimba. Telma anakumbatira bokosi la vesitidu.

"Mano, nanga Loweruka?"

"Loweruka latani?"

"Mundithamangitsa chonchi pamaso pa a Dona Felismina? Tabwererani, akachotsemo zimene aikamozo. Mudzaikenso ukwati ukatha."

"Ameneyo wakwera kale chapa ya ku Tete. Usade nkhawa, chemwali. Ine ndi karinya iyi timamvana."

Loweruka linafika. Misa inayenda bwino, kungoti mphete inavuta pang'ono kulowa, ndipo a Dona Felismina anatsokomola mokweza kuti aliyense aone. Atatuluka, iwo ndi anzawo a pamsika anatsogola kunyumba kukayang'anira mpunga ndi nkhuku. Nyumba yawo ili pamwamba penipeni pa chitunda, poti ukaima pakhonde umaona msewu wonse.

Karinya inali itakongoletsedwa ndi maluwa ndi nsalu zoyera. Kutsogolo anakhala atatu: Arcanjo pachiwongolero, Telma pakati, Nércio kuchitseko. Arcanjo anali atavala nsapato zatsopano zogula ku Dedza, zosongoka ngati mlomo wa khasu latsopano, zolimba pansi ngati thabwa. Anazigulira Rosita, mtsikana wa m'kwaya amene wakhala akumuzungulira chaka chonse osanena kanthu. Rositayo anali pomwepo m'gulu la ovina, pafupi ndi a tiya Paulina, azakhali amene amatsogolera nyimbo pa ukwati uliwonse.

Pamalo athyathyathya zinayenda, ngakhale galimoto inkadumphadumpha ngati mwana wa mbuzi. Telma maso pansi, maluwa m'manja, akupemphera. Kenako anafika patsinde pa chitunda, ndipo phazi la Arcanjo linachita zimene lakhala likuchita pamalo amenewo zaka zonsezi. Linaponda mpaka pansi.

Vuuu!

Amayi anabalalika, ena kumanzere, ena kumanja, a tiya Paulina n'kukakhala m'munda wa nyemba nyimbo ili pakamwa. Kapulana imodzi inauluka n'kukakola pamtengo. Palibe anavulala, koma pamene Arcanjo ankaimitsa, anali ali pakati pa chitunda okhaokha, fumbi lili kumbuyo, ovina ali kutali.

Telma anakweza maso pang'ono chabe. Pakhonde paja a Dona Felismina anali ataima, manja m'chiuno. Mnzawo wina anawagunda ndi chigongono, wina n'kugwira pakamwa. Telma ankachita kuwamva ngakhale anali patali: mwaona, si tinanena?

"Pepa, chemwali, phazi laterereka," anatero Arcanjo, thukuta lili kamukamu. "Nsapatozi sindikumva nazo chopondera."

Mkwatibwi sayankhula, ndiye Telma anaweramitsa mutu, nayankhulira m'maluwa, mano ali pamodzi.

"Mano, vulani nsapatoyo."

"Wati chiyani?"

"Yakumanjayo. Vulani mundipatse."

"Telma, wapenga? Pa ukwati?"

"A Nércio, athandizeni alamu anu."

Nércio ndi munthu wofatsa, koma anaona nkhope ya mkazi wake watsopano, nadziwa kuti banja layamba. Anawerama modutsa pa vesitidu, nakoka nsapato ija mpaka inatuluka. Ndiye pamene chinsinsi chinaonekera: sokosi ya Arcanjo inali yobooka, chala chachikulu chili panja, chikuyang'ana dziko.

"Aa, alamu," anatero Nércio, akudziletsa kuseka, "nsapato za ku Dedza, sokosi za nthawi ya nkhondo?"

"Khalani chete, alamu, mwangolowa kumene m'banja muno."

Telma anabisa nsapato ija pansi pa maluwa. "Tsopano mverani. Tidikira amayi afike. Akafika, muike pulimeira, koma moto musaponde. Phazilo likhale pafupi ndi choimitsira basi."

"Izima! Pachitunda pano imazima, ukudziwa iwe."

"Inkazima kale. A Márcio anati panopa iyenda yokha. Inu munali kalikiliki kuopseza a njinga."

"Anatero?"

"Anatero. Ndipo mukangoponda, nsapatoyi ndiiponya pawindo, mukaitole nokha pamaso pa Rosita ndi chala chanucho."

Arcanjo anayang'ana pagalasi. Amayi aja anali akukwera chitunda akupuma wefuwefu, Rosita ali patsogolo, atanyamula kapulana yokola pamtengo ija. A tiya Paulina anafika pawindo akudzisasa masamba a nyemba.

"Iwe Arcanjo, wanyamula mbatata kapena mkwatibwi?"

"Pepani, a tiya. Yambitsani nyimbo, sizichitikanso."

"Ukandigwetsanso ndikakuneneza kwa mayi ako, ndevu zakozo sindiziopa."

Ng'oma inayambanso. Amayi anabwerera kutsogolo, koma cham'mbali ndithu, aliyense diso limodzi lili pa galimoto. Arcanjo anaika pulimeira, nanyamula phazi lakumanzere pang'onopang'ono, lakumanja lili lende. Anatseka diso limodzi kudikira kuti izime.

Siinazime. Inangoti gu, gu, gu, n'kuyamba kukwera yokha, mofatsa ngati ng'ombe yokhuta.

"Taonani!" Arcanjo ananong'ona. "Telma, ikuyenda yokha! Ndi anthu atatu, pachitunda!"

"Maso kutsogolo, mano."

Inu, ulendo umenewo! Amayi anaona kuti galimoto yaleka misala, ndiye analowa pakati pa msewu, navina osayang'ananso kumbuyo. Akaima kuti aponde bwino sitepe, Arcanjo ankaima. Akasuntha, karinya inkawatsata gu, gu, gu. Nkhuku ya eni inawoloka msewu ndi anapiye ake onse, n'kubwereranso, osathamanga. Gogo wina wa ndodo anawapitirira, nakafika pamwamba, n'kukhala pansi kuwadikira. Nyimbo za a tiya Paulina zinatha, anayambiranso yoyamba ija. Nthawi ina phazi la Arcanjo linayamba kusendera ku chopondera moto mwachizolowezi, Telma anangotukula maluwa pang'ono kuti mphuno ya nsapato ionekere, phazi linabwerera lokha.

Pakhonde paja manja anachoka m'chiuno. Anzawo a Dona Felismina anakhala pansi. Kenako anaimanso. Fungo la nkhuku yokazinga linali litafika mpaka mumsewu, ndipo ana anali atayamba kuzungulira bolo, keke ya ukwati. Mapeto ake a Dona Felismina anamanga kapulana yawo bwino, natsika chitunda okha, nafika pawindo la Arcanjo.

"Mwana iwe, poyamba umauluka, tsopano wafa? Mpunga ukuzizira uko!"

"Si ine, amayi. Mkwatibwi ndi amene wakana kuti ndiponde."

Mayiwo anazungulira mbali inayo, nasuzumira modutsa mwana wawo. "Telma mwanangu, tauza mlongo wako afulumireko pang'ono. Alendo a ku Tete afuna kubwerera dzuwa likadalipo."

Telma maso pansi. Osaseka, osayankhula. Mkwatibwi weniweni.

"Nércio, tamuuza mkazi wakoyu!"

"Amayi, ndayesa," ananama Nércio. "Akuti sakuthamangira kanthu."

A Dona Felismina anamuyang'ana Telma kuyambira kumutu, ndipo ulendo uno maso awo sanaime pamimba. Anapumira m'mwamba, natembenuka, nakweza manja, n'kuimba nthungululu yaitali imene inamveka mpaka kutchalitchi. Ndiye poti anali atatsika kale, analowa m'gulu navina nawo mpaka pakhomo pawo.

Lolemba pamsika wa Ulongwe nkhani inalipo ndithu, siingalephere. A Dona Felismina ankauza aliyense wogula anyezi kuti mpongozi wawo ndi mwana woleredwa, anachita kukamutenga okha pachitunda, ndipo kulumpha koyamba kuja inali misala ya Arcanjo ndi komputadolo yake. Anzawo ena ankati ayi, mtsikanayo ukwati sankaufuna, mwaona mmene ankakanira kufika? Telma atamva zimenezo anaseka mpaka kugwira nthiti. Imeneyo anailola kuti iyende.

Koma tsiku la ukwati lija nsapato ija Telma anaiiwala. Potsika m'galimoto anapita nayo pansi pa maluwa mpaka pa tebulo la bolo, ndipo Arcanjo anakhala m'karinya nthawi yonse ya zithunzi, akumwetulira pawindo ngati akulondera galimoto. Amene anamubweretsera anali Rosita. Anatsegula chitseko asanamuletse, nayang'ana pansi, nayang'ana Arcanjo.

"A Arcanjo, galimoto mwaipititsa kusukulu, sokosi mwaisiya kumudzi?"

Anamupatsa nsapatoyo, nati mawa abwere nayo sokosiyo kwawo, singano ali nayo. Arcanjo anapitadi, ndipo amene anamuona akuti chitunda cha kwa Rosita anachikwera pa pulimeira, osaponda moto, kuti anthu onse a m'njira aone kumene akupita.