Impso za Manase

Manase anasankha nthawi yake bwino, mwana wochenjera uja. Anadikira tidye kaye. Linali Lamlungu, titaweruka ku tchalitchi, kunyumba kwa mchimwene wanga Lisiate ku Mount Druitt. Ine ndinali pampando wanga wa pakona, nditakhuta chinangwa ndi lu, chakudya chakwathu cha nyama yokulunga m'masamba, maso akulemera. Ndi pomwe anabwera n'kukhala pansi pafupi ndi mapazi anga, atapinda miyendo ngati kamwana ka Sande sukulu, chonsecho ndi chimunthu choti pakhomo chimalowa chammbali.

"Azakhali, ndalembetsa."

"Ukwati?"

"Ayi, ziwalo. Ndikadzafa adzatenge impso, chiwindi, chilichonse chomwe chingathandize munthu."

Atangotchula impso, bambo ake, Lisiate, anadzuka n'kutuluka panja. Zimenezo sizinandidabwitse. Ife a ku Tonga, ngakhale kuno ku Sydney komwe tikukalambira, mwamuna sakhala pamodzi ndi mlongo wake pamene pakukambidwa za m'thupi. Ine ndi Lisiate tinabadwa mimba imodzi, koma chikulire chake sindinamuonepo atavula malaya, ndipo sanganene ngakhale zoti m'mimba mukumupota ine ndili pomwepo.

"Ndiye ukundiuziranji, poti walembetsa kale?"

"Akuti kulembetsa pakokha sikukwanira. Tsikulo likafika amafunsabe abale. Nanga pabanja pano inu mukadzati ayi, angadzatsegule pakamwa ndani?"

Apo sananame. Ndine mlongo wa bambo ake, amene kwathu timati fahu wa pabanjapo. Pamaliro a mwana aliyense wa Lisiate kumutu kwa bokosi kumakhala ine, ndipo mawu anga sabwezedwa, ngakhale ndi mayi wobereka. Mwanayo amafuna ndimulonjeze kuti sindidzakana.

"Iwe ukuona ngati ayambe kufa ndani pakati pa iwe ndi ine?"

"Ndimagwira ntchito pamwamba pa nyumba zosanja, Azakhali. Za mawa sizidziwika."

"Lavula zimenezo. Wakuphunzitsa ndani?"

"Palibe."

"Palibeyo dzina lake ndi Akanesi?"

Anaseka chamanyazi, ine n'kudziwa kuti ndaponda pomwepo. Akanesi ndi chibwenzi chake, namwino, kamtsikana kaulemu moti mpaka kamakutopetsa. Ukalowa kamadzuka, ukatsokomola kabwera kale ndi madzi. Anthu onse amakatama. Ine ndimati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinamuuza Manase kuti ndiganiza kaye, koma mumtima ndinali nditayankha kale. Mwana amene ndinamumeta tsitsi loyamba ndi manja angawa sangalowe m'manda ali chigoba.

Lamlungu lotsatira tinapeza Akanesi ataika katebulo pakhomo la tchalitchi, abusa atamulola. Amauza aliyense wotuluka kuti kulembetsa ndi kwa pafoni pomwepo, sikuchedwa, ndiponso kuti impso ya munthu wa kwathu nthawi zambiri imagwirizana ndi wa kwathu mnzake, koma ife olembetsa ndife ochepa. Achinyamata anamuunjirira, ena chifukwa cha nkhaniyo, ambiri chifukwa cha nkhope.

Kukwaya ya amayi nkhani inali yomweyo.

"Akuti dzina likangolowa mu kompyuta, ambulansi imabwera mwachifatse," anatero Latu, mnzanga amene timaimba mawu amodzi.

"Nanga pa tsiku la kuuka, uzikafunafuna chiwindi chako kwa mzungu wa ku Penrith?" wina anatero, amayi n'kugwa nako kuseka.

Za ambulansizo ine sindinazikhulupirire, Latu amawonjezera mchere pa chilichonse. Koma funso langa linali limodzi, ndipo ndinalifunsa mokweza kuti onse amve: munthu sangapse mtima chonchi ndi nkhani ya eni. Mtsikanayu akufunira ndani? Amayi anagwedeza mitu. Ambiri amene anali atatenga timapepala take anatisiya pabenchi.

Kuyambira pamenepo ndinatsegula maso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndikafika kwa Lisiate ndimapeza Akanesi ndi mlamu wanga Fane akunong'onezana kukhitchini, ndikangolowa zii, wina n'kuyamba kutsuka mbale yotsuka kale. Fane mwiniyo anali atasintha ndi kaphikidwe. Ndiwo zopanda mchere, nthochi zosaonekanso patebulo, mchimwene wanga akumwa madzi a m'kakapu ngati mankhwala. Munthu anali atatha, malaya a manja aatali akungolendewera ngakhale kukutentha. Ndinamuuza Fane kuti ngati zophika za m'mabuku a Akanesi ndi zimenezi, andibwezere mchimwene wanga ndizimuphikira ndekha. Anangoti ntchito yatsopano ya m'mawa kumalo osungira katundu ikuwatopetsa amuna akewo.

Kenako Latu anabwera ndi yeniyeni. Mwana wake amakolopa pachipatala chomwe Akanesi amagwira ntchito.

"Ukudziwa wodi yake? Ya makina osefa magazi, ya anthu a impso. Ndipo akuti masiku ena amabwera ndi mdala wina pagalimoto, wa kwathu konkuno, amachita kumugwira mkono."

"Mdala wake uti?"

"Sanamuone bwino, amavala chipewa. Koma bambo ake a Akanesi unawaonapo liti ku tchalitchi?"

Basi, zonse zinalumikizana. Bambo ake akudwala impso, mwana wamkazi wapeza chinyamata chathanzi chokwera pamwamba pa nyumba, wachiika m'botolo, ndipo tsopano akungofuna mawu anga. Ndinakwiya koopsa. Ndinalinso ndi mantha, sindibisa, chifukwa Manase ndimamukonda kuposa ana onse a pabanjapo.

Ndinamupeza mtsikanayo poimika magalimoto kuseri kwa tchalitchi, akulongedza katebulo kake.

"Tandiuza, mwanawe. Akudikira impso ndi ndani?"

"Ndi ambiri, Azakhali."

"Usanditche azakhali, sunalowe m'banja. Ndikufunsa amene umamunyamula pagalimotoyo."

Nkhope inasintha. Anayang'ana pansi, kenako anayang'ana kukhomo la tchalitchi ngati akufuna womulanditsa.

"Impso za munthu wolembetsa sizipita kwa amene ife tafuna. Sitisankha ndife."

"Sindinafunse zimenezo."

"Pepani, si ine woyenera kukuuzani."

"Ndiye alipo."

"Alipo," anatero motsitsa mawu, misozi ili lengelenge.

Misozi sinandinyenge. Ndinaganiza zokamuona mdalayo ndi maso anga, ndimuuze pamaso kuti mwana wa Lisiate si nkhumba yoti aziinenepetsera Khirisimasi. Ndinadziwa kwa Latu tsiku lomwe amabwera. Ndinavala mkeka wanga wa m'chiuno, chovala chathu chaulemu, ngati wopita kukaona abusa, ndinanyamula kambale ka lu kuti ndioneke wozonda odwala, n'kukwera basi.

Pakhomo la wodiyo ndinangotchula dzina la Akanesi, namwino wachizungu n'kundilozera m'kati. Chinali chipinda chachitali, mipando ikuluikulu mbali zonse, pampando uliwonse munthu atafunda bulangete, timapaipi tofiira tikuchoka pamkono kulowa m'makina. Chinandidabwitsa ndi nkhope. Ambiri anali athu, a ku Tonga, a ku Samoa, a ku Fiji. Wina ndinamudziwa, amaimba besi ku tchalitchi cha ku Granville.

Akanesi anali kumapeto, atawerama pa mdala wa chipewa uja. Ndinayenda molimba mtima, mawu anga nditawakonza kale. Mtsikanayo atacheuka anangoti kakasi. Mdalayo anakweza mutu.

Anali Lisiate.

Dzanja la malaya linali lopindidwa mpaka paphewa. Mkono wonse unali pamtunda, wotupa mitsempha, masingano awiri ali chilili. Ndinauona kamodzi kokha. Iye anakoka bulangete ndi dzanja linalo, mwaphuma, kubisa mkonowo, ndipo ine ndinatembenuka n'kuyang'ana kukhoma. Palibe anatiuza zochita. Tinaphunzira tili ana.



"Akanesi," anatero mchimwene wanga, mawu ali njenjenje, "uwauze azakhali ake a Manase kuti kuno si malo awo."

"Uwafunse," ndinatero ndikuyang'anabe khoma, "kuti malo osungira katundu aja ndi ano?"

Mtsikanayo sanabwereze kanthu. Anangoima pakati pathu, ife tikudutsitsa mawu pamutu pake.

"Uwafunse kuti zayamba liti."

"Uwauze kuti chaka chatha chisanathe."

"Ndiye Fane akudziwa, Manase akudziwa, mwana wa eniyu akudziwa. Ine ndekha ndiye chitsiru cha pabanja."

"Uwafunse kuti ndikanayamba ndi mawu ati. Ndikanawauza kuti chandivuta n'chiyani, mlongo wanga?"

Analibedi mawu oti ayambire. Matenda ake ndi a mkodzo, ndipo mawu amenewo pakati pa ine ndi iye sanatulukepo chibadwire. Fane sakanandiuza za m'thupi mwa mwamuna wake. Mwana sakanandiuza za m'thupi mwa bambo ake. Aliyense anandipatsa ulemu wanga wonse, mpaka mchimwene wanga amatha ine ndikudzudzula mchere.

Akanesi ndiye analankhula, motsitsa, ngati akuuza khoma lomwelo.

"Manase anafuna kuwapatsa impso imodzi panopa, ali moyo. Anakana ngakhale zoti akayezedwe. Ndiye Manase anati poti bambo akana, alembetse, mwina tsiku lina bambo a munthu wina sadzadikira chonchi. Katebulo kaja ndinaika chifukwa cha anthu onse mukuwaonawa."

Ndinakumbukira timapepala tija pabenchi.

"Uwauze," anatero Lisiate, "kuti zomwe ananena kukwaya ndinamva. Asasinthe. Mwana wanga ndinamulandira wathunthu, adzapite wathunthu. Asamulonjeze kanthu. Ine ndizikhala pampando pano mpaka Mulungu atanena."

Taonani nkhani yake. Ndinabwera kudzamenyana ndi mdala wofuna kudya mwana wathu, ndipo mdalayo anali kumbali yanga, akundipempha ndigwiritse pomwe ndinagwira. Moyo wanga wonse Lisiate sanandipemphepo kanthu. Ichi chinali choyamba.

Ndinayang'ana chammbali, kumpando woyandikana. Panali mayi wa ku Samoa, wamng'ono kwa ine, akugona kukamwa kuli yasa. Nayenso amadikira kuti kwinakwake azakhali a munthu avomere. Impso yomwe mchimwene wanga akuiyembekezera idzachoka mwa mwana wa eni, amene nayenso analandiridwa wathunthu. Izi Lisiate amazidziwa kuposa ine, n'chifukwa chake mawu amanjenjemera.

"Akanesi, mwana wanga."

"Wawa, Azakhali."

"Uwafunse kuti pabanja pathu mawu a pamaliro ndi a ndani."

Ndinadziyankha ndekha.

"Uwauze kuti si awo. Manase ndikumulonjeza lero lomwe. Ndipo akamukanizanso mwanayo kukayezedwa, adziwe kuti akukana ine."

Patapita nthawi ndinamva kupuma kwa Lisiate kukusintha, kenako kufwenthera kwa munthu wamkulu amene akuyesetsa kuti asamveke. Mchimwene wanga amalira, pafupi poti nditatambasula dzanja ndikanamugwira phewa. Ndinafunitsitsa kutero kuposa chilichonse chimene ndinafunapo. Koma mkono uja unali pansi pa bulangete chifukwa cha ine, ndipo ndikanatembenuka ndikanamulanda ndi kaulemu komwe kanamutsalira. Ndinaima pomwepo, kambale ka lu kali m'manja, ndikuyang'ana khoma, mpaka analeka.